Bokosi lophunzitsira la YBCO: kamaginito kamayandama bwino, koma kabuku kake kasiya nkhani yaikulu

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito bokosi ili kwa miyezi ingapo pophunzitsa ophunzira akuluakulu za magetsi ndi maginito, ndipo ndaona kuti n'koyenera kulemba zimene ndapeza, chifukwa mabokosi a mtundu umenewu amafanana kwambiri ngakhale kuti amachokera kwa ogulitsa osiyanasiyana. M'kati mwake muli tizimbale tiwiri takuda, kena ka yttrium barium copper oxide, kamene kamadziwika ndi dzina lachidule loti YBCO, ndipo kena ka gulu la bismuth lotchedwa BSCCO. Tonse tiwiri ndi ma superconductor, zinthu zimene zikazizira mokwanira zimadutsa magetsi popanda chotsekereza chilichonse. Mulinso timaginito tating'ono ta neodymium, kambale kathovu kothiramo nayitrojeni wamadzi, chopanira cha pulasitiki, kachimbale kachitatu komangidwa mawaya anayi pamodzi ndi choyezera kutentha, ndiponso kabuku ka malangizo. Nayitrojeni sabwera ndi bokosilo, wogula amakapeza yekha. Zida zimenezi ndazikonda ndipo ndingathe kuzichitira umboni, koma kabukuko kandikhumudwitsa pa nkhani imodzi yokha, imene mwatsoka ndiyo yofunika kuposa zonse: mphamvu imene maelekitironi, tinthu ting'onoting'ono timene timanyamula magetsi, amakankhirana m'kati mwa zinthu zimenezi.

Mukaika kachimbale ka YBCO m'kambale, n'kuika kamaginito pamwamba pake, kenako n'kuthira nayitrojeni, madziwo amawira mwaukali ngati madzi ogwera pa chitsulo chamoto, popeza nayitrojeni amawira pa 77 K (K akuimira sikelo ya Kelvin), kutanthauza madigiri 196 pansi pa ziro pa sikelo ya Celsius, ndipo kwa iye kachimbale kochokera patebulo n'kotentha zedi. Pakapita kamphindi kuwirako kumachepa, utsi woyera umasefukira m'mbali mwa kambale n'kumatsetsereka patebulo, ndipo mwadzidzidzi kamaginito kaja kamanyamuka kokha n'kuima m'malere, mamilimita ochepa pamwamba pa kachimbale. Mukakagunda m'mbali ndi chopanira kamazungulira kwa nthawi yaitali popanda chokagwira. Mukakakankha pang'ono kamabwerera pamene kanali, ndipo mukadutsitsa kapepala pansi pake mumatsimikiza kuti palibe ulusi kapena chinyengo chilichonse. Ndaonetsa zimenezi kambirimbiri, ndipo nthawi zonse m'chipinda mumangoti zii panthawi imene kamaginitoko kakunyamuka.

Pa mbali imeneyi kabuku kakuchita bwino. Kakufotokoza kuti superconductor ikazizira kupitirira malire ake imatulutsa mphamvu ya maginito m'kati mwake, zimene a Walther Meissner ndi a Robert Ochsenfeld anazipeza mu 1933, ndipo kakusiyanitsanso zimenezi ndi kukhazikika kwa kamaginito pamalo amodzi, kumene kumachitika chifukwa YBCO ndi superconductor ya mtundu wachiwiri, imene imalola mphamvu ya maginito kulowa ngati timaulusi tating'onoting'ono timene timakodwa pa zilema za m'kati mwa kachimbale. Mbiri nayonso yalembedwa molondola. A Heike Kamerlingh Onnes anaona koyamba magetsi akuyenda mosatsekerezedwa mu mercury pa 4.2 K ku Leiden mu 1911. Mu 1986 a Georg Bednorz ndi a Alex Müller, pa labotale ya IBM ku Rüschlikon pafupi ndi Zürich, anapeza zomwezo pa kuzizira kwa pafupifupi 35 K mu chinthu chopangidwa ndi lanthanum, barium, mkuwa ndi okosijeni, ndipo analandira mphoto ya Nobel chaka chotsatira. Mu 1987 magulu a Maw-Kuen Wu ndi a Paul Chu anafika pa 93 K ndi YBCO, ndipo chiwerengero chimenechi ndicho chinachititsa kuti bokosi ngati ili litheke, chifukwa n'chapamwamba kuposa 77 K wa nayitrojeni, moti sipafunikanso helium wamadzi amene ndi wovuta kumupeza ndi kumusunga.

Kachimbale ka mawaya anayi ndiko kandipindulira kwambiri, ngakhale kuti kamafuna kuleza mtima. Mawaya awiri amalowetsa magetsi, awiri enawo amayeza voteji, ndipo mwanjira imeneyi zotsatira zake sizisokonezedwa ndi malo olumikizira mawaya. Mukayeza pamene kachimbale kakuzizira, manambala amathamanga kwambiri ndipo choyezera kutentha chimatsogola kachimbale kakutsalira, moti zotsatira zake zimasokonekera. Njira yabwino ndiyo kukaziziritsa kaye mpaka pansi, n'kukakweza pang'ono kuti kakhale mu nthunzi yozizira pamwamba pa madziwo, kenako n'kumalemba manambala pamene kakufunda pang'onopang'ono. Mukatero mumaona voteji ili pa ziro, kenako pafupi ndi 90 K ikukwera msangamsanga, ndipo kuchokera pamenepo ikukwera mwa mzere wowongoka mpaka kufika pa kutentha kwa m'chipinda. Kabuku sikatchula zoti kuyeza kuchitike pamene kachimbale kakufunda, ndipo tebulo lake losinthira manambala a choyezera kukhala kutentha lili ndi mipata ikuluikulu pamalo enieni pamene pakufunika kulondola. Zimenezi ndi zolakwika zazing'ono zimene mphunzitsi angathe kuzikonza yekha.

Vuto lalikulu lili pa tsamba lofotokoza chifukwa chimene zonsezi zimachitikira. Kabuku kakunena za chiphunzitso cha BCS, chimene a John Bardeen, a Leon Cooper ndi a Robert Schrieffer anachikhazikitsa mu 1957, n'kufotokoza kuti maelekitironi amayenda awiriawiri chifukwa kunjenjemera kwa maatomu kumawakokera pamodzi, ndipo kakusiyira pomwepo ngati kuti nkhani yatha. Kufotokoza kumeneku n'koona kwa mercury, lead ndi aluminiyamu. N'zoonanso kuti mu YBCO maelekitironi amayenda awiriawiri. Koma kuuza wophunzira kuti kachimbale kakuda kali m'manja mwake ndi mercury yemweyo wongokwezedwa kutentha ndi kumubisira chinthu chimene chachititsa akatswiri kusagona tulo kuyambira 1986.

Zinthu zonse za gulu limeneli, zimene akatswiri amazitcha cuprates, zimamangidwa ndi timphasa topyapyala ta maatomu a mkuwa ndi okosijeni tosanjikizana, ndipo pakati pa timphasato pamakhala maatomu ena monga barium, yttrium, lanthanum kapena bismuth. Pa kamphasa kalikonse maatomu a mkuwa amakhala pa ngodya za timabwalo ta mbali zinayi zofanana, ndipo okosijeni amakhala pakati pa mkuwa ndi mkuwa unzake. Mu chinthu choyambirira cha gululi, La2CuO4, chopangidwa ndi lanthanum, mkuwa ndi okosijeni, atomu iliyonse ya mkuwa ili ndi maelekitironi 9 m'chigawo chimene chimadzaza ndi 10, choncho pa atomu iliyonse patsala mpata umodzi. Mawerengedwe a masiku onse, amene amatenga elekitironi iliyonse ngati ikuyenda yokha osasamala za inzake, amanena kuti chinthu chotere chiyenera kudutsa magetsi ngati chitsulo. Koma La2CuO4 sichidutsa magetsi ngati chitsulo. Ndi insulator, chinthu chokana magetsi, ndipo pansi pa 325 K kapena kuyandikira pamenepo timaginito ta maelekitironi ake, timene timatchedwa spin, timafola mosinthana, kena kuloza uku koyandikana nako kuloza uko. N'chimodzimodzinso ndi YBCO yemweyu akachotsedwa okosijeni mpaka kukhala YBa2Cu3O6. Mwachidule, superconductor imene ili m'bokosi ili inabadwa kwa kholo limene limakana magetsi, ndipo limawakana pa chifukwa chimene mawerengedwe a masiku onse sachiona.

Chifukwacho n'chakuti maelekitironi amakankhana, ndipo pa atomu ya mkuwa malo ndi ochepa kwambiri. Ine ndimauza ophunzira kuti aganize za mzere wa tizipinda tating'ono, kalikonse kokhalamo munthu mmodzi. Aliyense angafune kusamukira m'kachipinda koyandikana nako, koma sangatero popanda kupanikizana ndi mwini wake, ndipo ngati kupanikizanako kuli kowawa kwambiri, aliyense amangokhala m'mwake ndipo palibe amene amayenda. A Nevill Mott anafotokoza maganizo amenewa mu 1949 poganizira za nickel oxide, ndipo a John Hubbard anawaika m'masamu mu 1963 pogwiritsa ntchito manambala awiri okha. Nambala yoyamba, t, imayeza kufewa kwa kudumpha kuchoka pa atomu ina kupita pa ina. Yachiwiri, U, imayeza mtengo umene maelekitironi awiri amalipira akakhala pa atomu imodzi. Akatswiri akamanena za mphamvu ya electron correlation amatanthauza kukula kwa U poyerekeza ndi t, ndiko kuti kayendedwe ka elekitironi imodzi kamadalira motani pamene pali maelekitironi ena. Mu 1987 a Philip Anderson ananena poyera kuti chinsinsi cha cuprates chiyenera kufunidwa pamenepa.

Manambala ake ndiwo amakometsa nkhaniyi, ndipo ndikanakonda kuwaona m'kabuku ngakhale m'ndime imodzi. Pa kamphasa ka mkuwa ndi okosijeni, t ili pafupifupi 0.4 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya elekitironi), ndipo popeza atomu iliyonse ili ndi anansi anayi, mulifupi mwa mphamvu zonse zimene elekitironi yoyenda ingakhale nazo ndi 8t, kutanthauza pafupifupi 3 eV. Kukankhana pa atomu ya mkuwa yeniyeniyo n'kwakukulu, pakati pa 8 eV ndi 10 eV, koma elekitironi ili ndi njira yotsikirapo mtengo, yochoka pa okosijeni kupita pa mkuwa, ndipo mpata wa mphamvu, ndiko kuti mphamvu yochepetsetsa yofunika kuti elekitironi iyambe kuyenda, umene umaoneka poyeza ndi kuwala uli pafupifupi 2 eV basi. A Jan Zaanen, a George Sawatzky ndi a James Allen anali atasiyanitsa kale mu 1985 mitundu iwiri ya insulator, wolamulidwa ndi kukankhana pa atomu imodzi ndi wolamulidwa ndi njira yotsikirapo mtengoyi, ndipo cuprates zinagwera mu mtundu umene mpata wake wa mphamvu umalamulidwa ndi kusamuka pakati pa okosijeni ndi mkuwa. Mu 1988 a Fu-Chun Zhang ndi a Maurice Rice anaonetsa kuti mpata wowonjezedwa pa kamphasa pochotsapo elekitironi imodzi umakhala pa maatomu anayi a okosijeni ozungulira mkuwa n'kumangana ndi spin ya mkuwawo, moti zonse pamodzi zimayenda ngati chinthu chimodzi. Zimenezi zikaphatikizidwa kuti pakhale U imodzi yoimira zonse, imapezeka ili pafupifupi 8t, ndiye kuti yofanana ndi mulifupi uja. Mtengo wopanikizana ndi phindu loyenda zikulemera mofanana.

Apa ndi pamene pagona vuto. U ikanakhala yaing'ono kwambiri, akatswiri akanayamba ndi maelekitironi oyenda momasuka n'kuwonjezera kukankhana ngati chinthu chochepa. Ikanakhala yaikulu kwambiri, akanayamba ndi maelekitironi okhazikika n'kuwonjezera kudumpha. Koma pakatikati palibe poyambira pabwino, ndipo ngakhale funso loti cuprates zili mbali iti ya malire labweretsa mtsutso weniweni. Mu 2008 a Comanac, a de' Medici, a Capone ndi a Millis anayerekeza mmene zinthu zimenezi zimamwera kuwala ndi zotsatira za njira yowerengera yotchedwa dynamical mean-field theory. Maganizo ake ndi osavuta kumva: kuchuluka kwa kuwala kwa mphamvu yochepa kumene chinthu chimamwa kumaonetsa mmene maelekitironi ake akuyendera momasuka, choncho kukachepa poyerekeza ndi mawerengedwe a masiku onse, kuchepako kumayeza kukankhana. Iwo anapeza kuti kukankhanako n'kwamphamvu koma sikufika pa malire oti kokha kuimitse magetsi, ndipo kuti kufola kwa spin mosinthana kumafunika kuti chinthucho chikhale insulator, maganizo amene amagwirizana ndi a katswiri wina, a John Slater, kusiyana ndi a Mott. Mu 2010 a Weber, a Haule ndi a Kotliar anawerengera maatomu a mkuwa ndi okosijeni payekhapayekha n'kupeza kuti yankho limadalira banja: La2CuO4 ili mbali ya kukankhana kwamphamvu, pamene Nd2CuO4, yokhala ndi neodymium m'malo mwa lanthanum, ili mbali inayo, yofuna thandizo la spin.

Kusiyana kwa mabanja awiriwa kumaonekanso poyeza. Mukasinthanitsa lanthanum wina ndi strontium mu La2CuO4 mumawonjezera mipata pa kamphasa, ndipo kufola kwa spin kumatha pamene mipata yowonjezera yafika pafupifupi 2 pa maatomu 100 a mkuwa. Superconductivity imayamba pafupi ndi 5 pa 100, imafika pachimake cha pafupifupi 38 K pa 15 kapena 16 pa 100, kenako imatsika n'kuzimiririka mipata ikapitirira 25 pa 100. Banja lina, la Nd2CuO4, limene a Tokura, a Takagi ndi a Uchida analipeza mu 1989 posinthanitsa neodymium ndi cerium, limalandira maelekitironi owonjezera m'malo mwa mipata. M'menemo kufola kwa spin kumalimba mpaka kupitirira 10 pa 100, superconductivity imakhala m'kachigawo kochepa, ndipo imangofika pafupifupi 24 K. Banja limeneli lilibenso atomu ya okosijeni imene m'mabanja ena imakhala pamwamba pa mkuwa, kunja kwa kamphasa, ndipo kusowa kwake kumasintha mtengo wa kusamuka pakati pa okosijeni ndi mkuwa. Ine ndimaona kuti phunziro lili apa ndi lakuti mawu oti kukankhana kwamphamvu sakwanira paokha, pamafunika kufunsa kuti kwamphamvu motani, ndiponso mu chinthu chiti.

Chimene chimandipweteka n'chakuti bokosi ili lili kale ndi umboni wa zimenezi, koma kabuku sikauloza. Mzere wowongoka uja umene wophunzira amajambula pamwamba pa 90 K si chinthu wamba. Mu chitsulo chimene maelekitironi ake amamvera chiphunzitso cha masiku onse, mzerewo umapindika pozizira, koma mu cuprates zokhala ndi mipata yokwanira bwino umapitirira mowongoka pa kutentha kosiyanasiyana kwambiri, ndipo n'chifukwa chake akatswiri amatcha mkhalidwe umenewu strange metal. Kachimbale ka m'bokosi n'kopangidwa ndi timibulu topanikizidwa n'kuwotchedwa, choncho mzere wake si woyera ngati wa kristalo imodzi, komabe umaoneka, ndipo wophunzira amaujambula ndi dzanja lake osadziwa kuti wakhudza funso limene likufufuzidwabe. Chimodzimodzinso maonekedwe a awiriawiri aja. Zoyesa za gulu la a Dale Van Harlingen mu 1993 ndi za a Chang Tsuei ndi a John Kirtley mu 1994 zinaonetsa kuti mu YBCO awiriawiriwo ali ndi maonekedwe otchedwa d-wave, amene chizindikiro chake cha m'masamu (+ kapena -) chimasintha mukatembenuka madigiri 90 pa kamphasa. Maonekedwe amenewa amachititsa kuti maelekitironi awiri ogwirizana asakumane pa atomu imodzi, zimene n'zoyembekezeka ngati kukumana kuli kokwera mtengo. Ndipo mphamvu yolumikiza spin zoyandikana, imene imachokera ku t ndi U zomwezo, ili pafupifupi 130 meV, kutanthauza 0.13 eV, yofanana ndi kutentha kwa 1500 K, moti n'zosadabwitsa kuti akatswiri ambiri amaiona ngati gwero la chimene chimamanga awiriawiriwo.

Sindikunena kuti kabuku ka malangizo kasanduke buku la ku yunivesite. Masamba awiri akanakwanira: limodzi lonena kuti kholo la kachimbale ndi insulator ndi chifukwa chake, lina lonena za t ndi U ndi kufanana kwa kulemera kwake. Ophunzira anga, amene ambiri sanaphunzire masamu a quantum mechanics, anamva fanizo la tizipinda popanda vuto, ndipo mmodzi anafunsa yekha kuti chingachitike n'chiyani tizipinda tina tikasiyidwa topanda munthu. Funso limenelo ndilo tanthauzo lonse la kuwonjezera mipata, ndipo analifikira asanauzidwe.

Pali chodandaula china chokhudza kasamalidwe. Kachimbale kakatuluka mu nayitrojeni kamakutidwa ndi chisanu choyera chochokera ku chinyezi cha mumpweya, ndipo chisanucho chikasungunuka kachimbale kamanyowa. YBCO sagwirizana ndi madzi, chifukwa barium wake amasinthika akakumana ndi madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Kabuku kamene ndinalandira kakungonena kuti tizimbale tisungidwe pouma, osatchula kuti tiyenera kuumitsidwa nthawi yomweyo. Tsiku lina ndinabwezera kachimbale m'kathumba kake kadakali konyowa, ndipo patapita masabata angapo ndinapeza timadontho totuwa pamwamba pake, m'mphepete mukuyoyoka ngati dothi louma, ndipo kamaginito kanayamba kuyandama motsika kuposa kale. Kuyambira pamenepo ndimakapukuta ndi kansalu kofewa, n'kukaumitsa ndi mpweya wofunda pang'ono, kenako n'kukatsekera m'kabotolo kokhala ndi silica gel. Kachimbale ka BSCCO kapirira bwino kuposa ka YBCO, ndipo popeza ka m'bokosi ili n'ka mtundu umene malire ake ali pafupi ndi 110 K, kamayandamitsa kamaginito kwa nthawi yotalikirapo nayitrojeni akauma. Tizimbale tonse n'tosachedwa kusweka ngati mbiya, choncho sitiyenera kugwa kapena kugundidwa ndi kamaginito kokokedwa ndi chitsulo chapafupi, n'chifukwa chake chopanira n'cha pulasitiki.

Malangizo a chitetezo alembedwa mokwanira ndipo ayenera kutsatidwa onse. Nayitrojeni wamadzi amawotcha khungu ndi kuzizira, amafuna magalasi oteteza maso ndi magolovesi osathina amene angavulidwe msanga, ndipo akasanduka mpweya amakula pafupifupi maulendo 700, moti sayenera kutsekeredwa m'botolo lotseka kapena kugwiritsidwa ntchito m'chipinda chopanda mpweya wokwanira.

Kwa mphunzitsi amene angathe kupeza nayitrojeni mosavuta ndipo ali wokonzeka kuwonjezera yekha zimene kabuku kasiya, bokosi ili ndi loyenera kugula, makamaka lokhala ndi kachimbale ka mawaya anayi, chifukwa lopanda kachimbaleka limangoonetsa chodabwitsa popanda choyeza. Kwa wophunzira wogula yekha kuti adziphunzitse, ndikuchenjeza kuti tsamba lofotokoza chifukwa aliwerenge ngati mbiri ya mercury ndi lead, osati ya kachimbale kakudako. Kwa opanga mabokosiwa pempho langa ndi limodzi, ndipo silovuta. YBCO akatenthedwa pamalo opanda okosijeni amataya okosijeni wake n'kuyandikira YBa2Cu3O6, ndipo superconductivity imatha nambala ya okosijeniyo ikatsika kufika pafupifupi 6.35. Aikemo kachimbale kachinayi kotero, kofanana ndi kanzake m'maonekedwe ndi m'kukula kwake, kuti wophunzira aike tiwirito m'kambale kamodzi, athire nayitrojeni, aone kamaginito kakunyamuka pa kena n'kukhala phee pa kenako, kenako ayeze ndi mita n'kupeza kuti kachimbale kosayandamitsako kakukaniratu magetsi pamene kakuzizira.